Mlandu wa Netiweki Suyambira kwa a Inkosi

Ana anga a m'nyumba muno, akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu, ngakhale udanenedwa anthu asanalote n'komwe kuti mawu a munthu adzachoka ku Johannesburg n'kudzamveka pakhonde la ku Golomoti nthawi yomweyo, ukugwirabe ntchito lero pa kabokosi ka tinyali tophethira kamene mumakatchula kuti rauta. Kabokosi kameneka kalowa m'nyumba zambiri kuno kunsi kwa phiri, kwa aphunzitsi ndi anamwino a ku Mua, kwa apolisi a ku Mtakataka, kwa amalonda a pa Golomoti, ndi kwa agogo amene adakatumiziridwa ndi mwana wawo wa ku Joni kuti aziona nkhope za adzukulu, ndipo kulikonse kumene kalowa kabwera ndi chimwemwe pamodzi ndi dandaulo limodzimodzi, lakuti intaneti ikuduladula. Walira mvula walira matope.

Ndakhala ndikuyang'ana mmene anthu timachitira intaneti ikangoduka, ndipo khalidwe la munthu limaonekera bwino pa kanthu kakang'ono kotere kuposa pa maliro kapena pa ukwati, pomwe aliyense amavala nkhope ya pagulu. Bambo wa pakhomo amayamba ndi kutemberera kampani, amvekere adya ndalama zanga awa. Mayi amatembenukira ana, amvekere mwamalizanso bandulo ndi mavidiyo anu aja. Mnyamata amene amatchedwa katswiri wa pabanjapo amanyamula kabokosi n'kukagwedeza, kukamenya ndi chikhatho, kuzula simukadi n'kuipukuta pa malaya, ndipo zikakanika amafuna singano ya amake kuti abaye kabowo ka kumbuyo kaja. Pomwe agogo ali phee pamphasa, mumtima akuti pano pali dzanja la munthu, popeza dzulo lomweli zinthu zinali bwinobwino. Onsewa agamula mlandu asanaumve, aliyense waloza amene ankamusungira kale mangawa, ndipo intaneti ikabwerera yokha aliyense amati mwaonatu, ndimanena ine. Mawa lake ikadukanso, mkangano uyambira pomwe udalekera.

Komatu inu ana a kuno mukudziwa mmene mlandu umayendera m'dera la a Inkosi Kachindamoto. Mbuzi ya mnzako ikakudyera chimanga suthamangira ku bwalo lalikulu ku Mtakataka. Umayamba wakhala pansi ndi mwini mbumba, zikakanika mupita kwa a nyakwawa, a nyakwawa zikawakulira atumiza kwa a gulupu, ndipo mlandu wokhawo umene wakana kutha m'mabwalo onsewa ndi umene umakafika pamaso pa a Inkosi. Wodumpha mabwalo amabwezedwa ndi funso lakuti kodi a mfumu anu aumva? Intaneti ikaduka ndondomeko ndi yomweyo. Mawu a mwana wanu asanafike m'khutu mwanu adutsa m'manja ambiri, m'nthambo zogona pansi pa nyanja ya mchere, m'nthambo za pamtunda, pa nsanja ya netiweki, pa simukadi, pa rauta, pa Wi-Fi, kenako pa foni yanu, ndipo dzanja lililonse likhoza kutaya katunduyo. Nzeru yonse ili pa kufunsa mmodzimmodzi, kuyambira wapafupi kumka kwa wakutali, osadumpha ndi mmodzi yemwe, pakuti kuthamanga sikufika.

Abale athu a ku Amereka, ambiri a iwo intaneti imawafikira pa nthambo yomwe ija ya wailesi yakanema, ndipo m'nyumba mumakhala timabokosi tiwiri: modemu, yolankhula ndi kampani kunja, ndi rauta, yogawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba. Malangizo ambiri amene mnyamata wanu amawerenga pa foni adalembedwera anthu amenewo, n'chifukwa chake amakuuzani kuti mumange bwino nthambo ya kukhoma pomwe khoma lanu lilibe nthambo. Kuno rauta ya TNM kapena ya Airtel, kaya ndi yaikulu ya pasoketi kaya ndi ka MiFi ka m'thumba, imagwira ntchito ziwirizo yokha: mbali ina ikumvera nsanja kudzera pa simukadi, mbali ina ikumwaza Wi-Fi m'nyumba. Womvetsa zimenezi wamva theka la mlandu, chifukwa funso loyamba nthawi zonse ndi lakuti, chaduka ndi cha m'kati kapena cha kunja?

Mboni yoyamba ili m'manja mwanu momwemo. Yang'anani pamwamba pa foni: ngati kachizindikiro ka Wi-Fi kazimiririka, kapena kakubwera n'kumachoka, foni ndi rauta ndi amene sakumvana, ndipo mlanduwo ndi wa m'nyumba. Koma ngati kachizindikiro kali chikhalire, kodzaza bwino, pomwe uthenga wa pa WhatsApp wangokhala ndi kawotchi kake osanyamuka, foni yafika pa rauta bwinobwino, rautayo ndi imene yasowa potulukira. Mboni imodzi siikwana, choncho itanani yachiwiri, foni ya mayi kapena ya mlongo wanu: ikakhala kuti iyo ikuyenda pa rauta yomweyo pomwe yanu ikukana, musavutitse kabokosi, yodwala ndi foni yanu, izimitseni n'kuiyatsanso, kapena ichotseni pa Wi-Fi imeneyo n'kulowetsanso pasiwedi. Yachitatu ndi foni imene ili ndi simukadi ya kampani yomweyo ndi data yakeyake: zimitsani Wi-Fi muone ngati ikutsegula. Ikatsegula, nsanja ili moyo, funani vuto pa rauta kapena pa bandulo yake; ikakana nayonso, mwina mudzi wonse uli mumdima womwewo, tumani mwana akafunse kwa aneba kapena kwa wa Mpamba ndi Airtel Money pamsika, amene netiweki ikathawa amadziwa msanga kuposa wina aliyense. Safunsa anadya phula.

Tsono tikhale kaye m'nyumbamo, pakuti milandu yambiri imathera momwemo. Ndidalowapo m'nyumba ina yosamalika bwino, ndipo nditafunsa kumene kuli rauta mayi wa pakhomopo adatsegula kabati, kabokosiko kali kuseri kwa mapoto a aluminiyamu a pa ukwati, katafundidwa kansalu koluka ndi manja kuti kasachite fumbi, kotentha moti chala sichikadakhalitsapo. Mayiyo adachita zimenezi mwa ulemu, popeza kwathu chinthu cha mtengo wapatali timachibisa ndi kuchifunda, ndipo palibe angamudzudzule. Koma rauta imafuna poyera. Mphamvu ya Wi-Fi imafooka ikadutsa khoma la njerwa zootcha, imafookeratu ikadutsa makoma awiri kapena atatu, ndipo ikakumana ndi chitsulo, kaya ndi malata, firiji kapena mapoto aja, imabwerera. Ikani rauta pamwamba, pakati pa zipinda zimene anthu amakhalamo, ndipo ngati ili ndi mayina awiri a Wi-Fi, lina lolembedwa 2.4 ndi lina 5, dziwani kuti la 5 ndi laliwiro koma limathera pafupi, pomwe la 2.4 limayenda modekha koma limafika kukhitchini ndi pansi pa mtengo wa mango. Ambiri odandaula kuti intaneti imaduka akalowa kuchipinda amangofunika kusankha dzina linalo.

Za kutentha ndiye sindingakuuzeni inu obadwira kuno. Wa ku Dedza boma, pamwamba pa mamita oposa 1,500, amagona ndi bulangete pomwe ife a kuchigwa, pafupi ndi nyanja yomwe ili pa mamita osakwana 500, tikugona pabwalo, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala m'nyumba ya malata yopanda siling'i simukhalika dzuwa likafika paliwombo. Rauta nayo ili ndi malire ake. Ikatenthedwa kwambiri imayamba kuchedwa, kenako imazima kapena kuyambiranso yokha, ndipo ka MiFi kokhala pa chaja usana ndi usiku batire lake limatupa mpaka chivundikiro kukana kutseka. Batire lotupa lichotseni msanga, ndi ngozi ya moto imeneyo. Ngati intaneti yanu imayenda bwino m'mawa ndi usiku koma imafa masana, musafune mfiti, funani mthunzi ndi mphepo: ichotseni pomwe dzuwa limawomba, musaiike pamwamba pa dikoda yotentha kale, pukutani fumbi ndi kuchotsa tinyerere tomwe timakonda kumanga m'timabowo take topumira. Chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika.

Mboni ina yomwe anthu amaiiwala ndi magetsi. Kuthima kwenikweni aliyense amakuona. Ovuta ndi magetsi ofooka aja, amene babu limangofiira, kapena amene amagwa kamphindi chigayo cha pamsika chikalizidwa, wowotcherera zitsulo akayamba ntchito, kapena firiji ya m'nyumba momwemo ikadzuka. Diso la munthu mwina silingaone, koma rauta imamva, imazima n'kuyambiranso, ndipo popeza imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ipezenso nsanja, inu mumangoti intaneti yaduka. Khalani nayo pafupi tsiku lina muiyang'anitsitse: ngati pa nthawi yoduka tinyali tonse tazima pamodzi n'kuyamba kuyakanso kamodzikamodzi, mlandu ndi wa magetsi. Pamenepo gwirani pulagi muone ngati siikugwedera m'soketi, yang'anani ekisitenshoni ija mwalumikizapo TV, ayironi ndi mafoni onse, ndipo koposa zonse yang'anani adaputa. Maadaputa amafanana maonekedwe, ndipo m'nyumba ya ana ambiri amasinthana, ya dikoda kupita ku rauta, ya rauta kupita ku wailesi. Koma pansi pa rauta padalembedwa mphamvu yake, kaya 12V, kaya 9V, kaya 5V, ndipo adaputa iyenera kugwirizana nayo. Yochepa mphamvu imayatsa tinyali ndithu koma imagonja rauta ikalemedwa ntchito, yopitirira imaotcha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A sola nanunso, batire likakalamba limanama, madzulo likuoneka lodzaza, pofika 9 koloko lagwa.

Pali ena amafunsa, ndipo funso lawo ndi lomveka, kuti zitheka bwanji ife a ku Golomoti kukhala mumdima pomwe munda wa sola uli pakhomo pathu, uja udayamba kugwira ntchito mu 2022, wa mamegawati 20 ndi mabatire ake akuluakulu. Magetsi a pamenepo salowa m'nyumba zathu mwachindunji. Amathiridwa m'nthambo za ESCOM za dziko lonse, kumene amasakanikirana ndi a ku Nkula, a ku Tedzani ndi a ku Kapichira, ndipo chikasowa kumeneko tonse timagawana kusowako. Mukukumbukira mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira kutali ku Chikwawa n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, mmene kuthima kudakhalira kwa tsiku ndi tsiku mpaka chaka chotsatira. Zimenezo simungazikonze inu. Chimene mungathe ndi kuigulira rauta ka UPS kakang'ono kapena batire loyenera, kuti magetsi akagwa iyo isamve, pakuti nkhanga zidapangana kusanapse. Ndipo dzinja likafika, mitambo ikaunjikana pamwamba pa mapiri a Dedza ndi ziphaliwali zake, zulani pulagi ndi nthambo ya mlongoti wa panja mvula isanayambe, chifukwa mphenzi siisowa kugwa padenga panu kuti iphe rauta, imangodzera m'nthambo kuchokera kutali. Madzi akatayika saoleka.

Mankhwala otchuka aja oti zimitsani n'kuyatsanso ndi oona, chifukwa m'kabokosimo muli kakompyuta komwe kakagwira ntchito masabata osapuma kamasokonezeka, ndipo kukazimitsa kumakapatsa mpata woyambira poyera ndi kupemphanso malo pa nsanja. Koma nawonso ali ndi kamwedwe kake. Zulani pulagi, werengani modekha mpaka 30, bwezerani, ndipo dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu osagwiragwira. Amene ali ndi timabokosi tiwiri ayambe wayatsa kolankhula ndi kunja, kakhazikike, kenako rauta. Kusapirira ndi komwe kumaononga: munthu wazula, wabwezera, tinyali tisanakhazikike wazulanso, kenako akuti mankhwala sakugwira. Ndipo chonde ana anga, siyanitsani kuzimitsa ndi kabowo kaja kolembedwa kuti reset. Kubaya pamenepo kumafufuta zimene mudaikamo kapena adakuikirani ogulitsa, dzina la Wi-Fi, pasiwedi, nthawi zina ndi makonzedwe a APN omwe simukadi imadalira, ndipo amene anali ndi vuto limodzi amatsala ndi atatu. Limenelo ndi bwalo lomaliza la m'nyumba, lofikako zina zonse zitakanika. Sinthani chinthu chimodzi, muone zotsatira zake, kenako china, chifukwa wosintha zisanu pamodzi, ngakhale zitatheka, sadziwa chimene chachiza, ndipo mawa ayambiranso kufwanthula mumdima.

Tsopano tifike pa nkhani yomwe imadanitsa abale, ya bandulo. Rauta ikhoza kuyaka tinyali tonse, timizere ta netiweki todzaza, koma ngati bandulo yatha kapena tsiku lake lapitirira palibe chodutsa. Ndipo mabandulo ena ukafika pa mlingo wina amachepetsa liwiro, moti umati yaduka pomwe ikungokwawa. Musanakalipire munthu funsani kaye chotsala. Mukapeza kuti yatha msanga musafulumire kuloza mwana mmodzi, pakuti mafoni a masiku ano amadya okha usiku, kudzikonza, kutsitsa zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu onse a WhatsApp, a mpingo, a banki m'khonde, a anzanu a kusukulu, ndipo zambiri mwa izi amadikira Wi-Fi kuti azichite. Palinso pasiwedi. Mudaipereka kwa mwana wa aneba tsiku lina kuti aone zotsatira za mayeso a MANEB, ndipo mudachita bwino, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma iye adauzako mnzake, mnzakeyo adauzanso msuweni wake, ndipo lero madzulo aliwonse pali kagulu ka anyamata kotsamira khoma la kuseri kwa nyumba yanu, mitu yonse yowerama. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Pansi pa rauta pamalembedwa manambala monga 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1, ndipo mukawalemba pa foni yolumikizidwa mumalowa m'kaundula wake n'kuona mafoni onse amene alipo. Sinthani pasiwedi mopanda chidani, wofuna thandizo abwere pakhomo adzaodire, mumulumikize ndi manja anu. Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha.

Za m'nyumba zonse zikayera ndi pomwe timatuluka kupita kwa a gulupu, kutanthauza nsanja. Dera lathu lino ndi lovuta pa netiweki: kumadzulo kwatchinga phiri lomwe msewu wa Khwekhwerere umatsika mokhotakhota kuchokera ku Masasa, midzi ina yabisala m'zigwa, ndipo nsanja zimamangidwa kumene kuli anthu ambiri, m'mbali mwa msewu wa M5 ndi m'malo a malonda, kotero kuti wokhala kutali ndi tara, chakunyanja kapena chakuphiri, amalandira zotsalira. Mtsikana amene mumamuona ataima pa chulu atakweza foni m'mwamba akudziwa chimene akuchita, kukwera pang'ono chabe kumasintha zinthu. Chitani chimodzimodzi ndi rauta, yendani nayo zenera ndi zenera mukuyang'ana timizere, ndipo mukapeza mbali imene kuli nsanja ikhazikeni komweko, pamwamba koma pamthunzi. Denga la malata limatchinga, masamba onyowa ndi mvula amatchinga, n'chifukwa chake nyumba ina imalandira bwino m'chilimwe n'kumavutika m'dzinja. Rauta ikamalumphalumpha pakati pa 4G ndi 3G imadula polumphapo, ndipo zambiri zimalola kuti muikhazike pa imodzi. Amene adaimika mlongoti pa nsungwi panja aumange zolimba, popeza mwera wa mu Juni ndi Julayi ukautembenuza pang'ono, kapena madzi akalowa polumikizira nthambo, zonse zimabwerera m'mbuyo.

Nsanja nayo ili ndi mavuto ake omwe si anu. Imatumikira anthu owerengeka pa nthawi imodzi, choncho madzulo anthu akaweruka, tsiku la msika, kapena usiku wa mpira waukulu, timizere timakhala todzaza koma liwiro palibe. Imadyanso magetsi monga inu. Akathima imadalira mabatire ndi jenereta ya dizilo, ndipo kuthima kukatalika, mafuta akasowa m'dziko monga taonera zaka zapitazi, kapena anthu osaganiza akaba mabatire ndi dizilo wa pansanja, dera lonse limakhala zii ngakhale rauta yanu ili pa sola. Wakuba wotereyu akubera mayi woyembekezera amene akufuna kuitana galimoto usiku kuti akafike ku chipatala cha Mua, ndipo mudzi umene ukumudziwa n'kumamubisa ukudzibaya wokha.

Kupitirira apo ndi kwa a Inkosi enieni, kumene mawu anu ndi anga safika. Malawi sagundana ndi nyanja ya mchere, ndipo intaneti yathu yambiri imabwera pa nthambo za fayiba zodutsa m'maiko a anzathu, Tanzania, Mozambique ndi Zambia, kukalumikizana ndi nthambo zazikulu zogona pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 ziwiri mwa nthambo zimenezo, ya EASSy ndi ya SEACOM, zidaduka m'nyanja pakati pa Mozambique ndi South Africa, ndipo kwa masiku angapo intaneti inkakwawa ku Tanzania, ku Kenya, ku Mozambique ndi kuno kwathu. Taganizani kuchuluka kwa marauta amene adamenyedwa makofi sabata imeneyo, ndi ana amene adakalipiridwa, pa mlandu umene udachitikira kumene palibe wa ku Mtakataka adapondako. Nthambo za pamtunda nazonso zimadulidwa ndi okonza misewu, madzi osefukira, moto wa tchire ndi akuba oganiza kuti m'katimo muli kopa. Pa zotere chimene mungachite ndi kudikira, ndi kusunga simukadi ya kampani yachiwiri, pakuti nthawi zambiri ina ikagwa ina imakhala chiimire.

Kuyambira mu 2023 kwabweranso mlendo, Starlink, yolandira kuchokera ku masetilaiti osadalira nsanja, ndipo pa madenga a maofesi, malo ogona alendo ndi nyumba za opeza bwino payamba kuoneka mbale zake zoyera. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, ndipo kwa okhala kuseri kwa phiri kameta ndithu. Koma musamve kuti ilibe matenda. Imafuna thambo loyera lopanda nthambi ya mlambe kapena ya mango yotchinga, mvula yamphamvu imaidula kwa kanthawi, imadya magetsi ochuluka kuposa rauta ya simukadi, nthambo yake ikalumidwa ndi khoswe zonse zaima, ndipo mtengo wake si wa aliyense. Mafunso ndi omwe aja, cha m'kati kapena cha kunja, magetsi, kutentha, nthambo, malipiro. Wogula chatsopano pothawa kufufuza amasamuka ndi vuto lake. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Pa mboni zonse, imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi nthawi. Tengani kope la mwana lotsala masamba, muliike pafupi ndi rauta, ndipo kwa sabata imodzi kapena ziwiri aliyense wa m'nyumba azilemba ikaduka: tsiku, ola, tinyali tinali bwanji, magetsi analipo kapena ayi, kunja kunali dzuwa kapena mvula. Poyamba zimaoneka zachibwana, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo kopelo limayamba kulankhula lokha. Yoduka masana okhaokha ikuloza kutentha. Yoduka kuyambira 6 koloko madzulo mpaka anthu atagona ikuloza kuchulukana pa nsanja kapena kuseri kwa khoma lanu. Yoduka chigayo chikalira ikuloza magetsi ofooka. Yoduka magetsi atathima maola angapo ikuloza mabatire a pansanja. Yoduka kumapeto kwa mwezi ikuloza thumba. Vuto lobwera n'kumapita siligwidwa ndi mkwiyo wa tsiku limodzi.

Mukapita kukadandaula, kaya pa foni kaya ku shopu ya kampani m'tauni, kope lomwelo ndi limene lingakuimirireni. Wofika n'kungoti netiweki yanu ndi yachabe amauzidwa kuti akazimitse n'kuyatsanso, basi. Koma wonena kuti ndili m'mudzi wakuti pafupi ndi sukulu yakuti, imaduka nthawi yakuti, ndayesa mafoni awiri, bandulo ilipo, aneba nawonso akuona zomwezo, ameneyo wapereka pogwira kwa amisiri. Pemphani nambala ya dandaulo lanu muisunge. Mukakhala angapo a dera limodzi mawu amalemera, chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo kampani ikapanda kukumverani pali bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira ntchito zimenezi ndi kumva madandaulo a anthu. Ndalama mwalipira, kudandaula ndi ufulu wanu. Koma mtsikana woyankha foni uja ndi mwana wa munthu, sadadule nthambo ndi iye, mulankhuleni mwaulemu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Mwina wina ati, atsibweni, kankhani kakang'ono chonchi mpaka miyambi? Ife amene tidakula kalata ya ku Joni ikuyenda milungu isanafike ku positi ofesi, makolo n'kumakaiwerengetsa kwa aphunzitsi a ku mishoni, tikudziwa kuti uthenga si kanthu kakang'ono. Lero pa kabokosi kameneka pakudutsa nkhani ya ndalama ya feteleza yochokera kwa mwana wa ku Cape Town, maphunziro a mphunzitsi amene akuwonjezera sukulu ali pantchito, mtengo wa mpunga ndi wa usipa, kalata yofunsira ntchito yomwe tsiku lake lotsekera ndi mawa, ndi nkhope ya mdzukulu amene agogo ake sadamunyamulepo. Chinthu chonyamula zolemera chotere chikamaduka mtima umapweteka, ndipo mtima wopweteka umafuna womuloza chala. Ndi pomwe ndimaopa ine, kuti mwana amenyedwe, mkazi anenedwe, mnansi aganiziridwe zoipa, kapena ndalama ya ndiwo ithere kugula rauta ina, pa vuto la adaputa yosinthana kapena la nthambo ya pansi pa nyanja.

Choncho nzeru imeneyi isakhale ya mnyamata mmodzi wa m'nyumba, amene mawa apita ku Lilongwe kukafuna ntchito n'kusiya makolo akungoyang'ana tinyali osadziwa pogwira. Inu odziwa, khalani pansi ndi amayi anu, alongo anu ndi agogo, muwaonetse kanyali ka magetsi, ka netiweki ndi ka Wi-Fi, muwaphunzitse kufunsa bandulo yotsala, kuzula pulagi ndi kuwerenga mpaka 30, ndi kabowo koti asakakhudze. Lembani pasiwedi ndi nambala ya simukadi ya rauta pa chikuto cha kope lija. Musawaseke akafunsa kawiri, iwo sadakusekeni pokuphunzitsani kugwira khasu. Mutu umodzi susenza denga. Nyumba imene aliyense akudziwa poyambira kufunsa imakonza zomwe ingathe kukonza, imatumiza kwa eni ake zomwe si zake, ndipo zotsalazo imazidikira anthu ake akulankhulana bwinobwino.